Tisanamizire jakisoni wa pamsana, tiyang'ane magazi a ntchembere zathu



Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yathu yokondedwayi kuti ndiyankhulepo pa nkhani yomwe yakhala ikundisowetsa tulo. M'midzi mwathu muno mwafala mbiri yoti jakisoni amene amabaya mayi woyembekezera pamsana, akamapita naye ku fiyeta kukachitidwa opaleshoni yotulutsa mwana, ndi amene akutha ntchembere. Mayi akatisiya pobereka, pa siwa simumva china koma, "Wamupha ndi jakisoni uja." Mayi akachira bwinobwino koma patapita zaka ziwiri n'kuyamba kudandaula msana, jakisoni yemweyo ndi amene amasenza mlandu. Mbiriyi ikanakhala yongothera pa bawo sindikanataya inki yanga. Koma ikufika m'makutu mwa ana athu amene ali ku chidikiro, ndipo ena akukana kusaina, ena akuthawa usiku kubwerera kumudzi, ena akumwa mwanamphepo mobisa kuti achire msanga adokotala asanatchule za mpeni.

Ine ndine mphunzitsi wopuma, ntchito yanga inali ya choko. Komabe kuwerenga sindinasiye, ndipo mwa ana amene ndinawaphunzitsa a e i o u, ena lero ndi anamwino, ena amagwira ntchito m'fiyeta momwemo, ndiye ndikakumana nawo ndimafunsa. Zomwe ndatolapo ndi zoti jakisoniyu tikumunamizira. Chimodzi mwa zinthu zazikulu zomwe zimagwetsa mayi pa tebulo paja, kapena m'wodi usiku wa tsiku lomwelo, ndi katundu amene anachoka naye kwathu kuno: kuchepa kwa magazi m'thupi.

Tiyambire pa magazi pomwepo. M'kalasi tinkaphunzitsa kuti magazi ndi amene amanyamula mpweya wabwino wa okosijeni kuchoka m'mapapo kupita nawo ku ziwalo zonse. Chomwe chimanyamula mpweyawo ndi chinthu chija chimafiiritsa magazi, achipatala amachitcha himogulobini, ndipo m'kabuku ka kusikelo amangolemba kuti Hb. Tiyerekeze kuti ndi ngolo zotuta chimanga kumunda. Ngolo zikachuluka, ng'ombe zimayenda mwachifatse ndipo nkhokwe imadzaza dzuwa likadalipo. Ngolo zikachepa, ng'ombe zomwezo ziyenera kuthamanga maulendo ambirimbiri kuti pakhomo pasagone njala. Ng'ombe yathu pano ndi mtima.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mayi woyembekezera ali ndi magazi ochepa ngati Hb yake yatsika pansi pa 11, kapena pansi pa 10.5 m'miyezi yapakati ya mimba malinga ndi malangizo ake a 2024. Ikatsika pansi pa 7 ndiye kuti zafika poopsa. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi oyembekezera 45 mwa 100 alionse m'Malawi muno anali ndi magazi ochepa. Pafupifupi theka, abale! Mukadutsa pa chipatala tsiku la sikelo n'kuona mzere uja, werengani awiriawiri ndipo muganize.

Zochititsa zake tonse tikuzidziwa, kungoti sitizilumikiza ndi fiyeta. Malungo amaphwanya magazi. Njoka za m'mimba, makamaka zija zimalowera kumapazi munthu akamayenda wopanda nsapato, zimayamwa magazi m'matumbo tsiku ndi tsiku. Likodzo nalo limakhetsa pang'onopang'ono. Pali kubereka pafupipafupi thupi lisanabwerere, pali atsikana otenga mimba iwo eni akadali kukula, ndiponso pali nsima ya ufa woyera yokhala ndi ndiwo zongopatsa fungo. Pamwamba pa zonsezi, mimba yokha imachulukitsa magazi m'thupi pafupifupi ndi theka, koma chomwe chimachuluka kwambiri ndi mbali ya madzi. Zili ngati thobwa lothiridwa madzi alendo akachuluka: mtsuko wadzaza koma mphamvu yatsika.

Choipa cha matendawa n'choti amabwera mozemba. Thupi limazolowera. Mayi amalimabe, amasinjabe, amatungabe madzi ku mjigo. Akanena kuti akumva befu pokwera kachitunda, mtima ukuthamanga, m'maso mukuchita mdima akadzuka, kapena akulakalaka dothi la pachulu, apongozi amayankha kuti, "Ndi mimba imeneyo, ifenso tinadutsamo." Chomwe sitikudziwa n'choti ng'ombe ija yakhala ikuthamanga miyezi isanu osapuma, ndipo ikafika ku fiyeta imakhala itatopa kale.

Tsopano tibwere kwa jakisoni woimbidwa mlanduyo. Sizachilendo ayi, ndipo sakuyesera pa ife Amalawi monga ena amanenera. Anayamba ndi dokotala wina wa ku Germany dzina lake August Bier, mumzinda wa Kiel, m'chaka cha 1898, John Chilembwe asanabwerere n'komwe kuchokera ku America. Lero amayi a ku London ndi a ku Johannesburg akamachitidwa opaleshoni yomweyi, ambiri amabayidwa jakisoni yemweyu.

Kachitidwe kake n'kotere. Kuchokera ku ubongo pali mtsempha waukulu wotsika m'kati mwa mafupa a msana, wosambira m'timadzi toyera. Mtsemphawo sufika kunsi kwenikweni, umathera cha pamwamba pa chiuno. Wogonetsa odwala amamukhazika mayi chowerama, n'kulowetsa singano yopyapyala pakati pa mafupa awiri, m'munsi mwa pomwe mtsempha uja wathera. Singano siboola fupa. Mankhwala amene amathira m'timadzi tija, omwe kawirikawiri ndi bupivacaine, sadzaza ngakhale kasupuni ka tiyi. Pakapita mphindi zochepa thupi limachita dzanzi kuyambira m'munsi mwa mabere mpaka kuzala za kumapazi. Mayi amakhala ali maso, akupuma yekha, akumva zonse zokambidwa, ndipo kulira koyamba kwa mwana wake amakumva ndi makutu ake. Pakapita maola awiri kapena atatu miyendo imayamba kubwerera.

Njira ina ndi yomugonetseratu munthu. Anthu ambiri kumudzi amaganiza kuti imeneyi ndiyo yabwino chifukwa sumva kanthu. Koma kwa mayi wapakati njirayi ili ndi minga yake. Pamafunika kulowetsa paipi pakhosi yopumira, pomwe khosi la mayi wapakati limakhala lotupa m'kati ndipo paipiyo imatha kuvuta kulowa. Zam'mimba zimatha kubwerera n'kugwera m'mapapo. Mankhwala ogonetsawo amafikanso kwa mwana.

Izi si nkhambakamwa. Pakati pa 1998 ndi 2000 Dr Paul Fenton ndi anzake anatsatira maopaleshoni otulutsa mwana 8,070 m'zipatala 25 za m'Malawi muno, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2003. Amayi 85 anamwalira, kutanthauza mmodzi pa 100 alionse. Atasanthula anapeza kuti, pakati pa amayi amene chiberekero chawo sichinang'ambike, imfa zinali zocheperapo kwambiri kwa amene anabayidwa pamsana kusiyana ndi amene anagonetsedwa. Zomwe zinkatsagana ndi imfa zinali kung'ambika kwa chiberekero, kutaya magazi ambiri, komanso kuchepa kwa maphunziro a wogonetsa odwalayo. Amayi oposa 500 anafika pa tebulo magazi ali ochepa kale. Papita zaka zambiri ndithu ndipo zina zasintha, koma phunziro lake likadalipo.

Sindikunena kuti jakisoniyu alibe mtengo wake. Ali nawo, ndipo ndi pomwe nkhani ya magazi ikulowera. Mankhwala aja samangogonetsa mitsempha yomva ululu yokha. Amagonetsanso timitsempha tina tomwe ntchito yake ndi kufinya njira zodutsamo magazi kuti zisatambasuke kwambiri. Tikagona, njira zonse za kumiyendo ndi kumimba zimatseguka nthawi imodzi. Alimi a kudimba akudziwa chomwe chimachitika ukatsegula ngalande zonse pamodzi: madzi ndi omwewo koma mphamvu imatha, ndipo mabedi akutali samafikiridwa. Magazi amakhazikika m'munsi, obwerera ku mtima amachepa, BP imatsika. Onjezani kuti mayi akagona chagada, chiberekero cholemera chija chimapsinja mtsempha waukulu wobwezera magazi ku mtima. N'chifukwa chake amamupendeketsa pang'ono cha kumanzere, amamuika dilipi yothamanga, ndipo amakhala atakonzeratu mankhwala okweza BP monga ephedrine. Mayi akamva mseru, chizungulire kapena kubanika ali pa tebulo, anene pompo. Kumeneko si mantha kapena ulesi, nthawi zambiri ndi chizindikiro choyamba choti BP yatsika, ndipo wogonetsa odwala amafuna kumva zimenezo.

Mwana akangotuluka pamabweranso zina ziwiri. Amabaya mankhwala otchedwa oxytocin kuti chiberekero chikhwinyate magazi asiye kutuluka. Ndi mankhwala opulumutsa moyo, koma nawonso kwa mphindi zingapo amatsitsa BP ndi kuthamangitsa mtima. Chachiwiri ndi magazi otayika. Pa opaleshoni yoyenda bwinobwino mayi akhoza kutaya magazi ofika lita imodzi, kuwirikiza kawiri amene amatayika pochira mwa masiku onse. Zonsezi, kutsika kwa BP, kuthamanga kwa mtima ndi kutaya magazi, zimachitika ola limodzi lisanathe.

Apa ndi pomwe ndifuna kufotokoza za timawaya tija amamata pachifuwa, chifukwa ndinamvapo gogo wina akulumbira kuti mdzukulu wake "anamulumikiza ku magetsi." Ayi agogo, timawayato sitilowetsa magetsi mwa munthu. Timangomvetsera magetsi amene ali kale mumtima. Namalenga anaika kamalo kakang'ono m'chipinda chakumanja chapamwamba cha mtima komwe kamatulutsa kamphamvu ka magetsi, maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi munthu akakhala phee. Kamphamvuko kamayenda m'minofu ya mtima n'kuiuza kuti ifinye, kenako minofuyo imadzikonzanso kudikira ulendo wina. Ndi magetsi ochepetsetsa, osayatsa ngakhale babu la tochi. Dokotala wa ku Netherlands, Willem Einthoven, ndi amene anakonza makina oyamba odalirika owajambula cha m'ma 1903, ndipo anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 1924. Makinawa amatchedwa ECG.

Pa galasi la makinawo pamayenda mzere wokwera ndi kutsika. Kugunda kulikonse kumajambula kachulu kakang'ono, kenako nsonga yaitali yakuthwa, kenako kachigwa kosalala, n'kumaliza ndi kachitunda kena. Kachigwa kosalalako, komwe achipatala amakatcha ST, ndi kamene amakayang'anitsitsa. Kakalowa pansi kusiya mzere wake, chimodzi mwa zomwe kamatanthauza n'choti minofu ya mtima ikulandira mpweya wochepa kusiyana ndi ntchito yomwe ikugwira. Kunena mwachimvekere, ng'ombe ija ikudandaula njala.

Madokotala akhala akuona kwa zaka zambiri kuti kachigwaka kamatsika mwa amayi ambiri ndithu pa opaleshoni yotulutsa mwana, ngakhale amayi athanzi opanda vuto la mtima, makamaka nthawi yomwe mwana watuluka ndipo oxytocin wabayidwa. Ena amamva kulemera pachifuwa kwa kanthawi. Kwa ochuluka zimatha zokha pakapita mphindi zochepa osasiya chilema chilichonse. Thupi la mayi wa magazi okwanira lili ndi nkhokwe, limapirira kanjala ka mphindi zisanu.

Nanga amene Hb yake ndi 7? Apa pali zinthu ziwiri zokhudza mtima zomwe zinandidabwitsa nditazimva. Choyamba, ziwalo zina zimangotapako pang'ono mpweya umene magazi abweretsa, ndipo zinthu zikavuta zimatha kutapa wochulukirapo. Mtima ayi. Ngakhale munthu ali m'tulo, mtima umatsitsa kale pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mpweya umene wafika pakhomo pake. Ukafuna wina, njira yake ndi imodzi, magazi abwere ambiri. Chachiwiri, mtima umadya pa kampata kaja ka pakati pa kugunda ndi kugunda, pomwe minofu yake yamasuka. Ukamathamanga kwambiri kampatako kamafupika. Ndiye taonani: ngolo ndi zochepa chifukwa magazi ndi ochepa, msewu wafooka chifukwa BP yatsika, ng'ombe ikuthamanga koposa, nthawi yodyera yafupika, ndipo ngolo zina zikutayika pabala. Mayi wa Hb 12 akataya lita imodzi amadzuka mawa lake ali wofooka koma akuyamwitsa. Mayi wa Hb 7 akataya lita yomweyo, moyo wake uli pa ulusi. Jakisoni anali yemweyo, singano yofanana, mankhwala a m'bokosi limodzi. Chosiyana ndi chomwe anabwera nacho.

Palinso china choopsa. Kale tinkaganiza kuti kuchepa kwa magazi kumangochepetsa mphamvu yopirira. Kafukufuku wina wa amayi oposa 10,000 a magazi ochepa ku Pakistan, Nigeria, Tanzania ndi kwa anansi athu ku Zambia, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anaonetsa kuti Hb ikamatsika, mpata wotaya magazi ambiri pochira umakwera. Amayi amene magazi awo anali ochepetsetsa anali pa chiopsezo cha imfa, kapena kupulumukira mkamwa mwa mbuzi, kuwirikiza pafupifupi kasanu n'kawiri poyerekeza ndi amene magazi awo anali ochepa pang'ono. Amene ali ndi zochepa ndi amenenso amataya zambiri.

Ndiwonjezere kamfundo kena kwa amene amakhulupirira makina koposa. Kuli kachipangizo kaja amapana pachala kamene kamaonetsa nambala ngati 98 kapena 99. Ndi kofunika kwambiri, koma kamangonena kuti ngolo zomwe zilipo zadzaza bwanji, sikawerenga kuti ngolozo zilipo zingati. Mayi wa magazi ochepetsetsa akhoza kuonetsa 99 pachala pomwe mtima wake ukulira njala. Kuti tidziwe Hb palibe kuchitira mwina, magazi ayenera kuyezedwa.

Za msana wopweteka ndingoti mwachidule. Pomwe singano inalowa pakhoza kuwawa kwa masiku angapo, ndipo amayi ena amamva mutu wamphamvu umene umakula akakhala tsonga n'kuchepa akagona. Umenewu ndi wodziwika ndipo auze anamwino. Koma msana wa zaka ndi zaka amaudandaulanso amayi amene sanaonepo khomo la fiyeta. Mayi wasenza mimba miyezi isanu ndi inayi, patangopita milungu itatu mwamupatsa khasu ndi ndowa ya malita 20, mwana kumsana, kenako mukuti ndi singano?

Sindikuti achipatala salakwitsa. Ndi anthu. Mankhwala aja nthawi zina amakwera kupitirira pomwe amafunika n'kuvutitsa kupuma, ndipo mayi amene wafika atataya kale magazi ambiri jakisoni wa pamsana samuyenera, wogonetsa odwala amasankha njira ina. Ngati banja likuona kuti panali kulekerera, pali ombudsman wa pachipatala komanso bungwe la Medical Council of Malawi. Kadandauleni kumeneko, ndi ufulu wanu. Chomwe ndikukana ndi kuweruza mlandu pa siwa, kenako n'kuopseza nawo mtsikana wa mimba yoyamba amene mawa lake moyo wake udzadalira singano yomweyo.

Tsono ife akumudzi mbali yathu ndi iti? Ine ndikuti opaleshoni imayamba miyezi isanu ndi umodzi mpeni usanatuluke m'bokosi, ndipo imayambira pakhomo pathu. Mayi ayambe sikelo msanga, mimba isanaonekere. WHO kuyambira 2016 imalimbikitsa kuti aonedwe kasanu n'katatu. Mapiritsi oonjezera magazi aja amwedwe tsiku ndi tsiku. Ndikudziwa kuti ambiri amathera kudenga, pansi pa mphasa kapena m'chimbudzi, chifukwa amachititsa mseru, amadetsa chimbudzi, ndipo kuli bodza loti amakulitsa mwana mpaka kulephera kutuluka. Kuda kwa chimbudziko si matenda. Mseru umachepa akamwa pogona kapena atadyako kanthu. Asamwere tiyi, chifukwa tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, pomwe malambe, magwafa ndi malalanje amathandiza. Fansidar wa kusikelo amwedwe, katatu kapena kuposa. Tikumbukire kuti dziko lathu ndi limene linatsogola mu Africa mu 1993 poyamba kupereka Fansidar kwa amayi oyembekezera, ndiye tisakhale ife oyamba kumulavula kuseri kwa chipatala. Neti ikhale pa bedi osati pa dimba la tomato.

Pa chakudya, abambo anzanga, tiyankhulane maso ndi maso. Nkhuku ikaphedwa, chiwindi ndi nthutumba zimapita m'mbale ya ndani? Dzira timamuletsa mayi wapakati poti mwana adzabadwa wopanda tsitsi, koma ndani anaonapo maliro a dazi? Usipa, matemba, nyemba, bonongwe, chisoso, khwanya, zonsezi zili m'manja mwathu. Ndipo tisanamizane kuti chakumwa chilichonse chofiira chimaonjezera magazi. Madzi a chidede ndi abwino kumwa, zakumwa zofiira za m'botolo n'zotsekemera, koma Hb ya 7 singakwere ndi mtundu wa chakumwa.

Mwamuna aliyense amene mkazi wake ali ndi pakati atsegule kabuku ka kusikelo n'kufunafuna zilembo ziwiri zija, Hb. Ngati palibe nambala, apite akafunse mwaulemu kuti, "Kodi magazi a mayi akunyumba munayeza? Ali pa chiyani?" Timadziwa mtengo wa thumba la feteleza, timadziwa zigoli za Bullets ndi Wanderers, tilephere kudziwa nambala imodzi imeneyi?

Kwa inu abusa, ansembe, mashehe ndi akulu a mpingo, mawu anu amafika kumene mlangizi wa zaumoyo safika. Ndili ndi zopempha zingapo. Lekani kulola kuti mayi wochira pa opaleshoni azinyozedwa kuti ndi waulesi, kapena kuti analephera chifukwa anayenda njira zamseri ndipo aulule. Mwana akagona mopingasa kapena mutu ukakula kuposa njira, palibe kuulula kumene kungamutembenuze. Pemphero ndi labwino, inenso ndimapemphera, koma lichitike galimoto ikuyenda osati m'malo mwa galimoto. Amayi a Mvano, a Dorika, a Chigwirizano ndi a m'miphakati amayendera kale odwala. Bwanji poyendera mayi woyembekezera osafunsako kuti mapiritsi atsala angati? Aphunzitseninso anthu kuti mayi wamkulu ali ndi ufulu wosaina yekha. Nthawi yomwe timataya podikira mwinimbumba amene ali ku msika kapena mwamuna amene ali ku Joni foni yake sikupezeka, chiberekero chimakhala chikupyapyala.

Chachikulu ndi magazi openeka m'botolo. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service linakhazikitsidwa mu 2003, ndipo ladalira kwambiri ana a sukulu za sekondale ndi makoleji. Sukulu zikatsekera, mafiriji a zipatala amachepekedwa, pomwe amayi sasiya kubereka poti ndi holide, ndipo nthawi ya dzinja ana odwala malungo nawonso amafuna magazi omwewo. Kodi si manyazi kuti akuluakulu a ndevu zathu tizidalira mwana wa Fomu 3 kuti apulumutse akazi athu? Mpingo umene umatha kusonkhanitsa anthu 500 pa msonkhano wa misasa ukhoza kuitana a bungweli kubwera ndi mabedi awo. Amatenga pafupifupi theka la lita, pomwe munthu wamkulu ali ndi malita pafupifupi asanu, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Ndikudziwa kuti mphekesera za anamapopa zinatisiyira mantha, ndipo mu 2017 anthu osalakwa anaphedwa nazo ku Mulanje ndi madera oyandikana nawo. Ndi atsogoleri a mipingo amene mungachotse manthawo, poyamba inuyo kutambasula mkono pamaso pa nkhosa zanu.

Ilipo mipingo imene chikhulupiriro chake sichilola kulandira magazi. Sindilemba kuti nditsutsane nawo, zimenezo ndi za iwo ndi Mulungu wawo. Koma ndikuti udindo wawo ndiye wowirikiza. Ngati botolo la magazi silidzaloledwa tsiku la ngozi, ndiye kuti mayi wa mpingo wotero asafike tsikulo ali ndi Hb ya 8. Ayambe sikelo mwezi woyamba, ayezedwe kawirikawiri, achipatala auzidwe nthawi ikadalipo, ndipo akachirire ku chipatala chachikulu.

Ndibwerere ku kafukufuku wa Dr Fenton uja, chifukwa muli nambala ina yomwe ndaisungira anamwino a kumudzi, ndikunena inu azakhali ndi apongozi amene mumakadikirira odwala. Mwa amayi 85 amene anamwalira, 65 sanafere m'fiyeta. Anafera m'wodi opaleshoni itatha. M'fiyeta muli makina ndi munthu woyang'anira mtima kugunda kulikonse. M'wodi usiku namwino mmodzi akhoza kukhala ndi odwala makumi angapo, ndipo mayi amene miyendo yake ikadali dzanzi sangamve kuti pansi pake panyowa. Maso anu ndiwo makina ake. Vundukulani chitenje muone. Nsalu ikamanyowa msangamsanga, mayi akayamba kusakhazikika, kupempha madzi mobwerezabwereza, kutuluka thukuta lozizira, kupuma mothamanga, milomo ndi zikhatho kuyera, thamangani mukaitane namwino. Akakukalipirani, piriranipo, mukaitanenso. Musayambe nyimbo, musayambe kuimbira foni abale, yambani mwaitana namwino.

Pomaliza ndipemphe a Unduna wa Zaumoyo. Kutembenuza chikope cha mayi n'kuyang'ana ngati chayera ndi nzeru yakale yothandiza, koma sikupereka nambala. Chipatala chilichonse chaching'ono chomwe chimachititsa sikelo chikhale ndi kamakina koyezera Hb pamodzi ndi zipangizo zake, ndipo mayi ayezedwe poyamba sikelo komanso mimba ikamayandikira kumapeto, kuti wopezeka ndi magazi ochepa atumizidwe ku chipatala cha boma masiku akadalipo. Mapiritsi a magazi asamasowe. Fiyeta iliyonse ikhale ndi makina a ECG ogwira ntchito, ndipo ogonetsa odwala aphunzitsidwe ambiri, chifukwa m'maboma ambiri ntchito yonseyi ili pa mapewa a anthu owerengeka. Ndikanakondwa wina wa ku undunawu atayankha pa tsamba lomwe lino kuti ndi zipatala zing'onozing'ono zingati m'boma lililonse zomwe zikutha kuyeza Hb mwezi uno.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntchisi.